Mapepala ndawapeza abale, koma si amene mukuganizawo

Moni moni abale anga, amene muli pa shifiti ya usiku, amene mukumvera muli mu basi, ndi inu akwathu amene mumati kunja kuno timangotola ndalama pansi. Pepani ndikupumira m'mwamba, ndangokwera masitepe ndi katoni yomaliza, msana wanga lero si wanga.

Zaka zonsezi ndakhala ndikulira mapepala eti? Mulungu wayankha. Ndili ndi mapepala makatoni 14 m'kachipinda kanga, moti pogona ndikuchita kukwera ngati ndikukwera lole. Vuto ndi loti si a Home Office, ofesi ya boma la UK yopereka chilolezo chokhalira m'dziko muno, ndi magazini a magalimoto, hahaha.

Nkhani yake ndi iyi. Lachiwiri tinapita kukakhuthula nyumba ya madala ena amene anamwalira, ntchito yathu ija mukuidziwa kale sindifotokozanso. Ana awo anati chilichonse chichoke, nyumba igulitsidwe. Ndakwera kudenga kuja ndapeza makatoni atandandalika, aliyonse atalembedwa chaka ndi pentopeni, Autocar, Motor Sport, Practical Classics, Classic & Sports Car, madalawa sankataya ngakhale imodzi. Bwana wangoti ponyani mu skip, chibini chachikulu chotayamo zinyalala. Ine mtima unakana aise. Ndili mwana ndinkasunga tsamba limodzi lokha long'ambika la Peugeot 504, ndinalimata pakhoma ndi phala mpaka linachita kuyera ndi dzuwa, ndiye lero ndiponye zaka makumi anayi za magazini kudzala? Ndinapempha. Anati tenga, bola usakweze mu vani yanga, mafuta ndi anga.

Ndiye basi. Maulendo asanu ndi limodzi, sutikesi ziwiri ulendo uliwonse. Amene simunanyamulepo magazini musanyoze, pepala lonyezimira lija ndi lolemera ngati njerwa, tayala la sutikesi linathyoka ulendo wachiwiri ndikumangoikoka ikulira kwee kwee mumsewu. Dalaivala ulendo wachitatu anachita kundifunsa ngati muli munthu m'menemo. Gogo wina anakhala pafupi nane, waona Autocar ili pamwamba, basi wayamba kundiphunzitsa, akuti magazini imeneyi inayamba 1895, nthawi imene lamulo la dziko lino linkati galimoto ikamayenda pazikhala munthu woyenda wapansi patsogolo pake. Tangoganizani, kulemba magazini ya magalimoto pamene galimoto ikuthamanga ngati munthu wopita ku maliro.

Koma dikirani, ndisanaiwale za bwana, chifukwa n'zimene zanditenthetsa mutu. Munthu yemweyu sabata yatha anandidula maola awiri ati tinachedwa pamsewu, ngati ndine ndinaika maloboti. Dzulo wamva kwa mnzathu wina wapakamwa kuti ndagulitsa magazini imodzi pa eBay, msika wa pa intaneti, lero m'mawa meseji, ati katundu yense wa m'nyumba ija ndi wa kampani ndibweze. Wa kampani? Si iwe unati skip? Abale ndikuuzeni, ndipo izi ndimanena pafupifupi pulogalamu iliyonse koma simumva, kuntchito musamaulule chimene mwapeza. Ngakhale kwa m'bale wanu wolankhula chinenero chanu, amene mumagawana naye chakudya pa buleki. Sikuti ndi woipa ayi, koma kamwa limayabwa, akufuna bwana amuseke naye, basi wakugulitsa osadziwa. Kunja kuno munthu amakukonda ukakhala wosauka kuposa iye, ukangotukula mutu pang'ono wayamba kuwerenga. Mukapatsidwa chinthu, ngakhale tsache, nenani kuti bwana ndilembereni pa foni. Ine mwayi wanga ndi woti ananditumizira voisi tsiku lija akukalipa za vani, mawu oti tenga zinyalala zakozo ali momwemo. Ndaisunga malo atatu.

Tsono chimene bwanayo sakudziwa n'choti chuma chimene akuchilotacho palibe. Ndakhala usiku utatu ndikufufuza. Magazini ambiri a zaka za m'ma 1990 kubwera kuno alibe msika, anasindikizidwa ambirimbiri ndipo aliyense ali nawo kudenga kwake, komanso Motor Sport anaika kale magazini awo onse pa intaneti kuyambira 1924. Ukati utumize pa positi, ndalama ya positi ikuposa ya magaziniyo. Mashopu a chariti awiri andikana pakhomo pomwe. Amene amayenda ndi ochepa, yoyambirira yeniyeni ya magazini, ngati Top Gear ya 1993, kapena imene muli kuyesedwa kwa galimoto inayake yotchuka itangotuluka, Mini ya 1959, Jaguar E-Type ya 1961, chifukwa mwini galimoto yoteroyo amafuna kuika magaziniyo pampando wakumbuyo akapita ku chionetsero. Imene ndagulitsa ine anagula mayi wina, ati ndi ya mwezi umene amuna awo anabadwa. Enawo bola kumanga chaka chathunthu pamodzi n'kulemba kuti wogula adzatenge yekha. Gogo wa mu basi uja anati ndifunse makalabu a eni magalimoto akale, ndiponso ku Beaulieu, kumene kuli National Motor Museum, kumachitika msika waukulu wa zida zakale mu Seputembala. Tiona ngati ndipeze ofu.

Makatoni awiri anali a pansi penipeni, anamwa chinyontho, achita chuku, masamba anamatana ngati anapakidwa guluu. Amenewo musawamvere chisoni, apite kokonzanso mapepala, ukawasakaniza ndi abwino fungo limalowa onse. Abwinowo agonekeni chogona, pouma, osati m'majumbo.

Koma amene ndawakumbatira ine ndi Practical Classics. Amenewa sakamba za olemera, amakamba za munthu ali pansi pa galimoto manja akuda bii. Kuchuna kabureta, kusintha mapointi, kuwotcherera pansi podyeka ndi dzimbiri, zithunzi sitepe ndi sitepe. Kuno amati ndi zosangalatsa za madala opuma pantchito Loweruka, kwathu imeneyo ndi ntchito imene ikudyetsa ana. Land Rover, Datsun 120Y, Peugeot 404 imene ku Kenya anapitiriza kupanga mpaka 1991 pamene ku France anasiya kalekale, magalimoto amene kuno amawapukuta ndi kansalu kofewa kwathu anafera pamsewu atanyamula matumba. Malume anga amene anandiphunzitsa kugwira sipanala ankachuna injini ndi khutu basi, sanaonepo buku. Ndikutsegula tsamba usiku uja ndaona chithunzi cha zimene ankachita ndendende, mpaka m'mphepete madala omwalirawo analemba ndi pensulo kuti yesa kotala ina. Ndinakhala pa katoni kaye, sindinama, misozi inalengeza.

Ndiye amenewo makatoni atatu akupita kwathu, akakhale pa garaja anyamata azikaphunzira, ngakhale adetsedwe ndi girizi palibe kanthu. Amene muli ndi malo mu kontena ya mwezi wamawa ndipezeni ku inibokosi, koma ndanena kale ndi olemera, musadzati sindinakuuzeni. Alandilodi andipatsa mpaka Lamlungu ati pansi papindika. Eee, foni ikulira, ndi bwana uja. Dikirani ndimutumizire voisi yake yomwe.