Makalata a omvera: Buku losatha ndi pangano losamveka

Okondedwa omvera, tafika pa gawo la makalata anu, ndipo yoyamba yachokera kwa mayi wina amene wapempha kuti tisatchule dzina lake. Akuti: "Ndinayamba kalekale kulemba buku la nkhani yopeka, koma ndikafika pakati ndimabwereranso ku mutu woyamba kukasalaza ziganizo, moti chiyambi ndi chokongola pamene mathero palibe. Kodi ndiyambe kufunafuna kampani yosindikiza mabuku panopa, kuti akandilonjeza ndilimbikire?"

Amayi, musatero. Makampani osindikiza mabuku amatha kuvomera buku la mbiri kapena la maphunziro atangoona ndondomeko yake, koma nkhani yopeka ya mlembi watsopano amaifuna yathunthu, chifukwa oyamba bwino ndi ambiri pamene omaliza ndi owerengeka. Komanso mutu woyamba umene mukuuvutikirawo simungaukonze moyenera musanadziwe kumene nkhaniyo ikukathera, pakuti munthu amene mwamulowetsa pa tsamba lachiwiri mwina mudzamuchotsa mukadzaona kuti kumapeto alibe ntchito. Choncho lembani mopita patsogolo basi, ngakhale ziganizo zikhale zokhotakhota, ndipo mukakumbukira chofunika kusintha m'mbuyo, chilembeni pa pepala lapadera osabwerera. Mukamaliza, liikeni padera kwa masabata angapo kenaka muliwerenge mokweza, popeza khutu limagwira zolakwika zimene diso lazizolowera. Mulipatsenso anthu okonda kuwerenga amene sangakuopeni. Achibale, kunena zoona, amayamikira chilichonse.

Pokhapo ndi pamene mungatumize. Makampani ambiri amapempha kalata yaifupi yodzidziwitsa, chidule cha nkhani yonse chosabisa mathero ake, ndi mitu itatu yoyambirira, ndipo yankho limatha kutenga miyezi, nthawi zina n'kukhala lokana popanda chifukwa cholembedwa. Chonde musatumize kope lanu lokhalo. Chinua Achebe wa ku Nigeria anatumiza ku London kope lolemba pamanja la buku lake la Things Fall Apart kuti akalitayipe, ndipo linangokhala kumeneko kwa miyezi mpaka bwana wake wa kuwailesi atapita kukalilondola. Bukuli, limene kampani ya Heinemann inadzasindikiza mu 1958, likanatayika choncho.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina amene buku lake linatha kale. Akuti kampani ina imene anaipeza pa intaneti yalivomera patangopita masiku ochepa, koma ikufuna kuti alipire ndalama zosindikizira komanso asaine kuti umwini wonse wa bukulo ukhale wa kampaniyo. Akufunsanso ngati ayenera kulembetsa kaye bukulo kuti anthu asamubere.

Bambo, za kuberedwazo mtima ukhale m'malo. Pangano la mayiko la Berne la mu 1886, limene mayiko ambiri anasaina, limati umwini wa cholembedwa umayamba popanda kulembetsa kulikonse, ndipo umateteza buku pa moyo wonse wa mlembi ndi zaka zosachepera 50 iye atamwalira. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi pangano mwapatsidwalo. Kampani yeniyeni yosindikiza mabuku imalipira yokha mkonzi, wojambula chikuto ndi makina osindikizira, kenaka imapatsa mlembi gawo la ndalama za buku lililonse logulitsidwa, ndiye chifukwa chake imasankha mosamala. Kampani imene yalandira kale ndalama zanu ilibenso chifukwa chokhetsera thukuta kugulitsa bukulo, ndipo kuvomera kwake kwachanguko sikukunena kanthu za luso lanu.

Kudzisindikizira nokha si kolakwika ayi, koma pamenepo umwini umatsala m'manja mwanu, mkonzi mumasankha nokha, ndipo nambala yozindikiritsa buku yotchedwa ISBN, imene kuyambira mu 2007 imakhala ndi manambala 13, imalembedwa m'dzina lanu monga wosindikiza. Kulipira ndalama n'kuperekanso umwini ndiko kumene sindingakulangizeni. Musanasaine, afunseni mwa kalata kuti panganolo ndi la zaka zingati, mabuku awo amagulitsidwa m'masitolo ati, komanso ngati umwini udzabwerera kwa inu akadzasiya kulisindikiza, ndipo mayankho awo mukawaonetse kwa loya kapena ku bungwe la alembi.