Chithunzi Chanu Chiwathandizadi Amene Mwawajambula?

Moni nonse, takulandiraninso! Lero tikupita kumudzi ndi kamera. Musanaiwale, dinani subscribe pansipa, n'zaulere.

Mfundo zoyambirazi za kajambulidwe ka anthu tithamange nazo. Choyamba, jambulani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, la masana limadetsa maso ndi mthunzi. Chachiwiri, khalani pansi, kamera ilingane ndi maso a munthuyo. Chachitatu, kaonekereni kwa a mfumu, koma a mfumu akavomera sindiye kuti mayi ali pamtondo aja avomeranso. Afunseni eni ake.

Tsopano bodza limene limanditsukwiza: "Ingojambulani, chithunzichi chiwathandiza." Chiwathandiza bwanji?

Mu Malichi 1936, Dorothea Lange, wojambula wolembedwa ntchito ndi boma la America, anaima pamsasa wa aganyu othyola nsawawa ku Nipomo, m'chigawo cha California. Anapeza mayi a zaka 32 atakhala ndi ana awo m'kachisakasa, anatola zithunzi zingapo, ulendo. Dzina sanafunse. Imvaninso: dzina sanafunse! Zithunzizo zitatuluka m'nyuzipepala, boma linatumiza chakudya kumsasako, koma mayiwo ndi banja lawo anali atasamuka kale. Lange analemba kuti banjalo linagulitsa matayala a galimoto kuti ligule chakudya. Mwana wawo anadzakanitsitsa kuti zimenezo sizinachitike. Chithunzi chotchedwa Migrant Mother chinazungulira dziko lonse ngati nkhope ya umphawi, koma dzina la mayiwo, Florence Owens Thompson, linadziwika mu 1978, patadutsa zaka 42. Pa chithunzicho sanalandirepo ngakhale khobidi limodzi, ndipo iwo eni anadandaula zimenezi.

Nanga inu amene mumatsika m'galimoto za mabungwe, n'kudumpha ana osamba bwino kufunafuna wa mamina ndi malaya ong'ambika, mukundimva? Lembani m'ndemanga, tikambirane, sindikuopani.

Tinali pati? Chachinayi. Funsani dzina, mulilembe molondola. Nenani chilungamo komwe chithunzicho chikupita: pa Facebook, pa kalendala, kapena pa chikwangwani cha mumsewu. Ngati ndi mwana, avomereze ndi makolo. Agogo akati dikirani ndikavale chitenje chatsopano ndi duku, dikirani. Musawauze kuti "mukuoneka bwino chomwecho" pomwe inu mukufuna zigamba zioneke. Nkhopeyo ndi yawo.

Chachisanu, katsukitseni chithunzi chimodzi mukawapatse. Basi.

Sabata yamawa tiona zojambula ndi foni m'nyumba ya udzu mopanda magetsi. Dinani kabelu kaja kuti isakupiteni, ndipo vidiyoyi mutumizireni mnzanu uja wa kamera yaikulu.