Mwana anandisowa pagombe la Muizenberg

Moni abale anga kulikonse kumene mukundimvera, kaya muli m'takisi, kaya mukusita malaya a abwana, kaya muli kumudzi mwagula bandulo ya usiku. Mawu andisasa lero, mundikhululukire. Dzulo ndakuwa ngati munthu amene nyumba yake ikupsa, ndiye ndati ndijambule nkhaniyi isanazizire.

Dzulo Loweruka ndinatenga banja langa kupita kunyanja ku Muizenberg: mayi a ana, mtsikana wanga wa zaka 7 ndi kamnyamata ka zaka 4. Ndatha zaka 9 ku Cape Town kuno. Ndimagwira m'magadeni ku Noordhoek, kumene ukangoweramuka pothirira maluwa nyanja umayiona yonse. Koma ana angawa, obadwira konkuno, anali asanapondemo phazi. Mwezi watha mtsikanayo anandifunsa kuti, "Adadi, kodi nyanja ija ndi ya abwana anu?" Funso limenelo linandisowetsa tulo.

Kupeza Lowerukalo inali nkhondo. Bwana wina amene ndimamugwirira Loweruka lililonse, chaka chachinayi tsopano, nditamupempha tsiku limodzi lokha anati ndisayembekezere kalikonse ka Khirisimasi. Munthu yemweyo Disembala aliyense amapita kutchuthi n'kundisiyira makiyi, agalu awiri ndi dziwe losambira loti ndizitsuka, ndipo akabwera amawerengera tsiku limodzi pamlungu ngati agalu aja amadya Loweruka lokha. Makiyi a nyumba yake amandikhulupirira nawo, koma tsiku limodzi ndi ana anga ayi. Ndinamuuza mwaulemu kuti sindibwera, ndipo sindinapite. Manja awa ndi amene anadzala mpanda wonse wa maluwa umene alendo ake amajambulitsapo zithunzi. Ntchito sindingayisowe.

Tinachoka kumene timakhala ku Masiphumelele m'mamawa, takisi mpaka Fish Hoek, kenako sitima. Gombe lilipo pa Fish Hoek pomwepo, koma ndinkafuna anawa akwereko sitima, chifukwa njanji ija imadutsa m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Pakati pa Kalk Bay ndi St James funde limamenya miyala pansi pa windo. Kamnyamata kanaimirira pampando, mphuno itakanirira pagalasi, kakungoti "madzi, madzi, madzi." Mayi ake anali atanyamula mpunga, nkhuku yokazinga, mandasi ndi thobwa m'chigubu cha malita awiri.

Ine ndine mwana wa ku Nkhotakota. Ndinayamba kupalasa bwato ndisanadziwe kulemba dzina langa, ndipo mwera ndinakumana nawo pakati pa nyanja kangapo. Ndiye ndikamakuuzani kuti madzi a kuno ndi ena, mundimvere. Nyanja ya kwathu ukasiya chitenje pamchenga m'mawa, madzulo uchipeza pomwepo chili chouma. Ya kuno imabwerera kutali, n'kusiya mchenga wonyowa woti ungaseweremo mpira, kenako pakapita maola pafupifupi 6 yabwera kudzatenga malo ake onse. Anthu amene anayala pafupi nafe anaona nsapato zawo zikuyandama. Ndipo pali malo ena pamene madzi amaoneka odekha, mafunde osasweka, pamenepo ndiye poopsa, chifukwa m'pamene madzi onse obwera ndi mafunde amabwererera mkati ngati mtsinje. Akakukoka usalimbane nawo. Yandama, kweza dzanja, sambira chammbali. Achimwene anga a ku Nkhata Bay ndi ku Mangochi, inu odziwa kusambira, ndinu amene ndikukuuzani kwambiri. Sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pamene pali opulumutsa anthu. Komanso paphiri pamwamba pa gombelo pamakhala anthu oyang'ana shaki, nsomba zikuluzikulu zoluma anthu zija, ntchito imene inayambira pa Muizenberg pomwepo mu 2004. Mukamva sailini n'kuona mbendera yoyera, tulukani m'madzi osafunsa.

Kamnyamata katalawa madzi kanalavula n'kuthamangira kwa mayi ake: "Amama, athiramo mchere wambiri!" Tinaseka mpaka misozi. Koma ndadumpha, ndibwerere pamene tinangofika.

Titangotsika sitima, tisanafike pa timanyumba tamitundumitundu tija, panali tebulo la khonsolo ya mzinda, la pulogalamu ya Identikidz. Amamuveka mwana kachibangili kokhala ndi nambala padzanja, n'kulemba dzina la kholo ndi foni. Mayi a ana anati tilembetse. Ine ndinakana. Mukudziwa nonse chimene chimabwera m'mutu mwa munthu wa kwathu akaona tebulo, yunifolomu ndi cholembera. Ndinawanong'oneza kuti tiyeni tizipita, ana awiri okha tingalephere kuwayang'anira? Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo ake, taonani anthuwa kuchuluka. Ngati inu mukuopa, ndilemba dzina langa ine." Analembetsa dzina lawo koma nambala anapereka yanga, chifukwa foni yawo inalibe moto. Palibe amene anatifunsa pasipoti.

Chakumasana titadya, mayi ake anaperekeza mtsikana kuchimbudzi, kamnyamata kakukumba dzenje pafupi ndi mapazi anga. Ndinati ndiwaimbire amayi kumudzi pa WhatsApp kuti aone. Netiweki inagwira, zomwe sizichitika kawirikawiri. Ndinatembenuza foni kuwaonetsa mafunde, iwo akufunsa ngati muli usipa, kumbuyo kwawo ndikuona mtengo wa mango umene ndinakulira pansi pake, mango atapsa psuu. Sindinawaone maso ndi maso kuyambira 2019. Anati, "Ndionetse mdzukulu wanga." Nditayang'ana pansi ndinangoona dzenje ndi kabaketi.

Abale anga, sindikudziwa kuti ndingakufotokozereni bwanji. Miyendo inazizira. Kulikonse kumene ndinayang'ana kunali ana ovala kabudula wofiira. Ndinathamangira kumadzi kaye, ndinalowa ndi thalauza mpaka m'chiuno, ndikuitana dzina lake, mphepo ya kuno ija ikubweza mawu m'kamwa. Ndinatuluka, ndinathamanga uku ndi uko. Mayi ake atabwera sanakuwe, anangogwira mkono wa mtsikana mwamphamvu mpaka analira. Ndipo ndikuuzeni zoona, ngakhale pamenepo, mwana wanga atasowa, kamtima kena kamandiuzabe kuti ukapita kwa apolisi aja ayamba ndi iweyo. Taonani pamene moyo wa kuno watifikitsa. Timabisala mpaka pamene tikufunika kuoneka. Nonse amene mumayenda ndi mantha amenewa, ine ndimayenda nawonso, koma mwana wa zaka 4 sadziwa kuti Home Affairs, ofesi ya boma yoona za mapepala ija, n'chiyani. Amangodziwa kuti adadi abwera. Mukapita kugombe lembetsani ana, ajambuleni chithunzi m'mawa atavala zimene avala tsikulo, ndipo mmodzi wa inu foni aiike m'thumba. Mowa ndiye usayerekeze n'komwe, pagombe ngoletsedwa ndipo amalanda.

Foni inalira m'thumba la malaya, mwamwayi sinanyowe. Anali a patebulo paja. Kamnyamata kanatsatira galu wa anthu mpaka kutali cha kumene amaphunzitsira masewera a pamafunde. Amene anakapeza ndi agogo ena achikaladi, anakanyamula n'kupita nako kutebulo. Nditafika ndinakapeza kali pamiyendo pawo kakunyambita ayisikilimu, misozi itaumira m'masaya pamodzi ndi mchenga. Ndinagwada pamchenga pomwepo kuwathokoza monga timachitira kwathu. Anandidzutsa msanga. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anthu amenewa alipo ndi kuno komwe.

Tinakhala nawo pang'ono agogowo. Anatiuza kuti ali mtsikana gombe limeneli linali la azungu okha, zikwangwani zili poteropo, ndipo iwo ankaliona ali m'sitima. Magombe a dziko lino anatsegulidwa kwa onse chakumapeto kwa 1989, anthu atachita zionetsero pamchenga pamodzi ndi Desmond Tutu. Anati chaka chilichonse amabwera ndi zidzukulu zawo zonse, ngakhale kuzizire. Mtsikana wanga anamvetsera zonsezo, ndipo anafunsanso funso lake lija. Agogowo anamuyankha kuti nyanjayo ndi yake.

Sitinanyamuke nthawi yomweyo. Mayi a ana anati tikachoka pano ndi mantha mwanayu adzaopa nyanja moyo wake wonse. Ndinamunyamula paphewa n'kulowa naye m'madzi mpaka m'mawondo, mlongo wake atagwira lamba wanga, mafunde akutimenya, onse akukuwa ndi chimwemwe.

Usiku ndinawaimbiranso amayi kumudzi, chifukwa foni ija ndinaidula osatsanzika ndipo anali asanadye ndi nkhawa. Anamuona mdzukulu wawo ali m'tulo. Kachibangili kakadali padzanja lake mpaka pano, wakana kuti tikadule, ndipo akuti Lolemba akakaonetsa anzake ku kireshi. Tionana sabata yamawa, abale anga.