"Every cloud has a silver lining": ambiri mumautanthauzira molakwika!

Moni nonse, takulandiraninso! Lero tili ndi mwambi wa Chingerezi wakuti every cloud has a silver lining. Ngati ndinu mlendo, dinani subscribe, tiyambe.

Choyamba, mawu ake. Cloud ndi mtambo. Silver ndi siliva. Lining ndi kansalu koterera kamene telala amasokera mkati mwa jekete.

Chachiwiri, tanthauzo: pa vuto lililonse pamakhala kabwino kena kobisala.

Chachitatu, ndipo apa tcherani khutu chifukwa zimandipweteka mutu. Ndimamva anthu akuti mwambiwu ukutanthauza kuti mavuto atha posachedwa. Ena akangomva siliva, basi akuti ndalama zikubwera. Ayi ndithu! Chithunzichi chinachokera kwa mlakatuli wa ku England, John Milton, mu sewero lake Comus la mu 1634. Mtsikana wasochera m'nkhalango usiku, watayana ndi azichimwene ake awiri. Akweza maso, aona mtambo wakuda bii, koma ukuonetsa mbali yowala ngati siliva. Taonani bwino: mtambowo sunachoke, kunja sikunache, iye akadali m'nkhalango momwemo. Kuwalako kwangomulimbitsa mtima. Inunso tayesani madzulo ano, dzuwa likabisala kuseri kwa mtambo, muone m'mphepete mwake mmene mumawalira pomwe pakati pali podera. Mwambi wonse wagona pamenepo. Vuto lilipo, kabwinoko kali mkati mwa vutolo.

Ndipo kumbukirani kuti kwa Mngerezi mtambo wakuda ndi chisoni, dzuwa amalisowa. Kwathu mtambo wakuda mu Novembala mlimi amaumwetulira. N'chifukwa chake mwambi wathu uja umayambira mbali inayo: walira mvula walira matope. Mukudziwa wina wofanana nawo? Lembani m'munsimu, ndimawerenga zonse.

Chachinayi, kagwiritsidwe ntchito. Mnzanu wathyoka mwendo pa mpira, wakhala pakhomo miyezi iwiri, koma nthawi imeneyo wawerenga mpaka wakhoza mayeso. Pamenepo nenani mwambiwu. Ndipo ndi bwino kudikira kuti mwini vuto aunene yekha. Koma pamaliro, chonde chonde, musayerekeze. Munthu wataya mwana, inu n'kumamuuza za siliva? Khalani naye pansi, nenani pepani.

Sabata yamawa tiona mwambi wa tambula ya madzi ofika pakati. Dinani like, mutumizirenso mnzanu amene akukonzekera MSCE.