Mbozi ya kanyanga kumchira imene ikutha kholowa

Zikomo amfumu pondipatsa mpata. Amayi ndi abambo, m'chigubu ndanyamulachi muli alendo atatu. Khalani pansi ndithu, palibe woluma.

Woyamba ndi uyu. Amayi aja munadandaula kuti Kadyaubwerere wanu, mbatata ija, watsala mitsitsi yokhayokha ya masamba, wakuba wake ndi ameneyu. Taonani kumchira kuli kanyanga kopindika. Ndamva ena akuti kamalasa ngati mbola ya chinkhanira. Ayi, si zoona. Onani ndikukagwira ndi chala, kofewa kokhakokha. Mbozi zoyabwa ndi zaubweya zija, iyi ndi yosalala ngati khungu la mwana.

Mtundu wake usakupusitseni. Mupeza ina yobiriwira ngati tsamba, ina yoderako ngati dothi, koma ndi mbozi imodzimodzi. Chomwe muziyang'ana ndi kanyangako, komanso timizere topendekeka m'nthiti mwake, mbali iliyonse 7. Ikakhwima imafika masentimita 10, kuposa chala changa chapakatichi. Ndipo ikafika msinkhu umenewo ndiye imadya mosaleka, n'chifukwa chake munda umaoneka ngati wawonongeka usiku umodzi pamene mbozizo zakhala momwemo milungu itatu.

Mukamazifuna musayambe ndi masamba, maso angatope, zimabisala kunsi. Yang'anani pansi pa mzere. Mukaona zitosi zakuda zikuluzikulu, zokhala ndi timizere, tembenuzani masamba a pamwamba pake. Mwini wake ali pomwepo.

Wachiwiri uyu ambiri munamufukulapo pokumba mbatata. Chofiirira, cholimba, ukachigwira chimagwedeza kumchira. Ndi mbozi yomwe ija. Ikakhuta imalowa m'nthaka n'kusanduka chonchi. Chizindikiro chake ndi ichi chakumutu, chopindika ngati chogwirira kapu. M'menemo ndi mmene mukukulira mlomo wa gulugufe.

Gulugufeyo ndi uyu, mlendo wachitatu. M'mabuku amamutcha Agrius convolvuli. Akatera pamtengo simungamuone, mapiko ndi otuwa ngati khungwa. Koma tatambasulani mapikowo: pamimba pali mizere yapinki ndi yakuda. Amauluka chisisira, n'kuima m'malere pamaso pa duwa mapiko akuchita phiriphiri, akuyamwa ndi mlomo wautali kuposa thupi lake. Paulendo ndi katswiri, anzake amachoka ku Africa kuno n'kukafika ku Ulaya. Iyeyu sadya tsamba ngakhale limodzi. Mlandu wake ndi mazira, amene amaikira limodzilimodzi pamasamba a kholowa.

Abambo a njuchi, inu mwafunsa za uja mumamupeza mumng'oma. Ndi m'bale wake, koma ndi wina, Acherontia atropos. Pamsana pake pali chithunzi chonga chigaza cha munthu, ndipo ukamugwira amalira tswii ngati mbewa. Za ufiti palibepo, akungoba uchi basi. Mbozi yake nthawi zambiri imakhala yachikasu kapena yobiriwira, mizere yake yobiriwira ngati thambo, kanyanga kake kokhakhala. Imakonda mbatatesi, tomato ndi mabiringanya. Ikalowa m'nthaka, chofiirira chake chija chilibe chogwirira kapu. Mukafukula chachikulu chosalala kumutu, chikhoza kukhala cha ameneyu.

Tsono za mankhwala. Ine pa munda waung'ono sindingakuuzeni kuti mukagule botolo. Mbozi yaikulu chonchi, yosaluma, yosathamanga, ndi yotola ndi manja. Komanso kholowa yemweyo ndiye ndiwo zathu, mukathira lero mawa mutchola chiyani? Tolani m'mawa kapena madzulo, muponyere nkhuku. Pokumba mbatata ndi pogalauza, zofiirira zija musazikwirirenso, zisiyeni pamtunda mbalame ndi dzuwa zithane nazo. Zikachuluka mpaka kukuposani manja, pamenepo mundiitane tidzaonere limodzi.

Chigubuchi chiziyenda, aliyense agwire kanyangako. Tikatha tipite kumunda kwa amayi aja, ana atenge ndowa.