Adzatichotsera ndani mwala uja?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Mmawa uno tiwerenge Marko 16:1-4.

Sabata litatha, Mariya wa ku Magadala, Mariya amake a Yakobo ndi Salome anagula zonunkhira zoti akadzoze thupi la Yesu. Ali m'njira mbandakucha ankafunsana kuti adzawachotsera ndani mwala pakhomo la manda. Nkhawa yawo inali yomveka, mwalawo unalidi waukulu. Koma ankafunsana uku miyendo ikuyenda, ndipo atakweza maso anapeza utachotsedwa kale.

Akadakhala enafe, bwenzi titakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, tikungoyeza mwala ndi pakamwa.

Abwana angonena poweruka kuti "mundione mawa", basi nsima yakukanani. Usiku wonse kutembenuka pabedi. Pofika 2 koloko mwadzichotsa kale ntchito, lendi ya ku Area 25 yakukanikani, katundu ali pa lole wa kumudzi, ndipo mwamva kale zimene apongozi anene. Zonsezi zachitika m'mutu mwanu mokha, abwanawo ali m'tulo.

Wina mpamba wa geni ali nawo, amapita ku Lizulu kukafunsa mtengo wa tomato, n'kubwerera kukaganizabe. Akamamaliza kuganiza, mitengo yakwera, ndalama ija theka yapita ku makala ndi mayunitsi. Wina anauzidwa kuti akayezetse ku Central, miyezi ikungotha akuopa zotsatira, matenda osamudikira.

Sindikunena kuti tisiye kuganiza ayi. Yesu mwini, pa Luka 14:28, anati womanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Koma wowerengera amafika pa yankho n'kudzuka. Mukaona kuti nkhani yomweyo mukuibwereza kachisanu popanda chatsopano, dziwani kuti kumeneko si kuwerengeranso, ndi mantha. Mlaliki 11:4 akuti woyang'ana mphepo sadzafesa.

Tisanamizanenso, si mwala uliwonse timaupeza utachoka. Nthawi zina abwana aja amakhaladi ndi uthenga wowawa. Koma usiku mwachezera uja suchotsapo ngakhale liwu limodzi, mumangokafika muli wotopa.

Musanakwere minibasi lero, itchuleni nkhaniyo kwa Mulungu mmene ilili, monga Afilipi 4:6 akunenera, ndi pemphero, pembedzero ndi chiyamiko. Mukati ameni, imbani foni ija, kagogodeni pachitseko chija.

Ambuye, lamulani maganizo athu akhale bata, ndipo mutipatse mphamvu zoyenda ngakhale mafunso tikadali nawo. Ameni.