Makina okunga khungu: zimene namwino anauza amayi a banki mkhonde

Zikomo amayi a tcheya, zikomo nonse. Akumbuyo mukundimva? Mwanayo musatuluke naye, muyamwitseni pomwepo.

Nkhani ya mtsikana uja nonse mwaimva, dzina sinditchula, ndi mwana wa tonsefe. Anapita ku saluni kukaluka tsitsi, kumeneko n'kumuuza kuti kuchipinda chakuseri kuli makina okunga mimba ya munthu amene wangobereka. Analipira. Atayamba kumuyendetsa chitsulo pamimba iye akuti mukundiwotcha, iwo akuti pirirani, ndiye kuti zikugwira. Lero ali ndi matuza kuzungulira mchombo, ndipo akapola padzatsala mawanga akuda. Ndiye mumve bwino: khungu lanu lisatenthedwe ndi munthu amene sanaphunzire zachipatala.

Makinawo alikodi, si bodza. Pansi pa khungu timalionali pali chigawo chokhuthala momwe muli collagen, amene amalimbitsa khungu, ndi elastin, amene amalibweza m'malo mwake likakokedwa. Munthu akangokula, collagen amachepa pafupifupi 1 peresenti chaka chilichonse, ndipo mayi akasiya kusamba amataya pafupifupi 30 peresenti m'zaka 5 zoyambirira. Onjezani mimba zinayi, dzuwa la kumunda, kuwonda mofulumira, kwa ena fodya. Khungu lilekerenji kulendewera?

Makina onsewa ntchito yawo ndi kutenthetsa chigawo chamkaticho, kuti collagen wakale akhwinyate ndipo thupi lipange watsopano. Zili ngati kuwamba ng'oma: pataliko ikungika, mukaiyandikizitsa pamoto chikopa chapsa. A mtundu woyamba amatchedwa radiofrequency, ena amangoti RF. Woyendetsa wake ayenera kukhala ndi choyezera kutentha, kuti pamwamba pa khungu pakhale madigiri 40 mpaka 42, ndipo chitsulocho chisaime malo amodzi. Chikaima, kapena mafuta opaka aja akauma, kutentha kumaunjikana pamodzi. N'zimene zinam'chitikira mwana uja. Muyenera kumva kufunda kwambiri, osati ululu wolasa. Mukamva kulasa, nenani kuti aime, ndipo asakunyengerereni.

A mtundu wachiwiri ndi a ultrasound, amene pa zikwangwani amalemba kuti HIFU. Amenewa amalumpha pamwamba n'kukatenthetsa timadontho mkati, pa mamilimita 1.5, 3 kapena 4.5, mpaka madigiri 60 kapena 70. Ku America bungwe la boma loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala la FDA linavomereza makina a Ultherapy mu 2009, poyamba kuti azikweza nsidze zokha. Tangoganizani, mamilimita 4.5 pankhope, pomwe pamadutsa mitsempha yoyendetsa milomo. Wosadziwa kumene mtsempha wadutsa akhoza kukusiyani kamwa itapotoka kwa masabata angapo. Palinso a tisingano tolasa khungu uku tikutenthetsa, amene FDA yomweyo inachenjeza mu 2025 kuti ena apsa nawo, ena atsala ndi zipsera. Tisinganoto tikagwiritsidwa ntchito pa anthu awiri, nkhani yasanduka ya HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Za laser ndi kuwala kumene amati IPL, ife akhungu lakuda tisamale kuposa azungu, chifukwa kuwalako kumakokedwa ndi utoto wa khungu lathu n'kuwotcha pamwamba.

Ngakhale zitayenda bwino m'manja mwa dokotala, kusintha kwake n'kochepa, kumaoneka pakatha miyezi 2 mpaka 6, ndipo pakapita chaka kapena ziwiri mumafunika kubwereza. Zimathandiza amene khungu langoyamba kufooka pachibwano, pakhosi kapena m'mikono. Khungu lochita kugwa n'kuphimba m'chiuno palibe makina angalibweze, limenelo ndi la opaleshoni basi. Wokuuzani kuti mutuluka lero lomwe muli namwali akufuna ndalama zanu zogawana mu December. Musaseke, ndikudziwa ena mwayamba kale kuwerengera masheya.

Agogo akweza dzanja. Nenani agogo.

"Ife kale tikabereka ankatithowa ndi madzi otentha n'kutimanga chitenje, mimba n'kubwerera. Si zomwezo zimene akugulitsazi?"

Mwafunsa bwino agogo, ndipo ambiri muno funso lawo ndi lomweli. Mimba ija inkabwerera yokha. Chiberekero chimabwerera mwakale pa masabata 6, muthowe musathowe. Madzi ofunda amachepetsa kuphwanya kwa thupi, chitenje chimachirikiza msana, koma sizipanga collagen. Madzi a madigiri 60 amawotcha khungu m'masekondi ochepa, choncho yesani kaye ndi chigongono, ndipo wobereka kudzera pa opaleshoni asathowedwe pabala. Chitenje chikhale choti mukupuma bwino. Mukachikoka kwambiri, mphamvu yonse imakankhira pansi, n'kumavutika ndi mkodzo wothawa mukatsokomola.

China, agogo, amayi ambiri amene amati khungu lalendewera vuto lawo ndi minofu. Pamimba pali minofu iwiri yoima, mwana akamakula imatalikirana, kwa ena osabwererana. Dziyeseni kunyumba: gonani chagada, pindani mawondo, ikani zala mopingasa pamwamba pa mchombo, dzutsani mutu pang'ono. Mukapeza mpata wolowa zala zoposa ziwiri patatha miyezi iwiri mutabereka, pemphani akutumizeni kwa a fizio, ku Kamuzu Central aliko, ku Queens aliko, akakuphunzitseni masewero oyenera. Ngati pa mchombo pakutuluka chotupa mukatsokomola, chimenecho n'cha dokotala. Minofu yotalikirana makina a ku saluni sangailumikize, mungangopsa chabe.

Tsopano mafuta a pamsika. Botolo lalembedwa collagen, inu n'kutulutsa ndalama ya ndiwo. Collagen wa m'botolo ndi wamkulu, sadutsa khungu, amangofewetsa pamwamba ngati mafuta ena onse. Oopsa ndi oyeretsa khungu aja. Werengani katoni: mukaona clobetasol kapena betamethasone, amenewo ndi mankhwala a matenda apakhungu, oti dokotala alembe kwa masiku owerengeka. Mukamadzola miyezi, khungu limapyapyala, timitsempha kuonekera, mizere yofiirira m'khwapa ndi m'ntchafu yosachoka. Kuli amayi ena amasakaniza machubu atatu m'botolo la glycerine, m'mawa uliwonse kudzola, kenaka n'kumafunsa kumene kuli makina okunga khungu. Amayi inu, mukugwetsa nokha chimene mukufuna kukweza.

Chodzola chimene chili ndi umboni ndi tretinoin ndi mng'ono wake retinol. Kadontho kamodzi kakang'ono nkhope yonse, usiku, kawiri kapena katatu pa sabata poyamba, chifukwa amasupula. Zotsatira pakatha miyezi 3 mpaka 6. Woyembekezera kapena wofuna pakati asayandikire.

Ndikuona ena maso ali pa bokosi la ndalama, ndithamange. Amene mwatsimikiza kupita ku makina aja, funsani satifiketi ya Medical Council of Malawi kapena ya bungwe la anamwino ndi azamba, muione ndi maso. Palibe satifiketi, asakutenthetseni, ndanena kachiwiri. Funsani dzina la makina, ndiponso ngati anawagwiritsapo pa khungu lakuda, ayese kaye kamalo kakang'ono. Oyembekezera ayi. A kabatire ka mtima kapena chitsulo m'thupi pamalopo ayi. Amene chipsera chimatupa mukaboola khutu, tisingano tija ayi. Pali chilonda kapena zidzolo, dikirani zipole. Mukachoka ku makinako, chipewa ndi mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 tsiku lililonse, apo ayi mawanga. Wina akapsa, madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osathira mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira, osaphulitsa matuza, phimbani ndi nsalu yoyera, kuchipatala tsiku lomwelo. Amene mukufuna ndikuyeseni minofu ya pamimba mundipeze m'kalasi umo tikamaliza kusonkha. Amayi a tcheya, ndabweza.